Phokoso M'makutu mwa Triza

Lolemba, 3 Novembala

Ine Blackson Mukhova, wa zaka 73, ndikunena, ndipo akazi anga a Fainess, amake Philip, akulemba. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, iwo anafika 8 ku mishoni. Kopeli ndi langa. Ndawauza kuti azilemba mmene ndanenera, asakometse, ndipo Lamulungu lililonse azindiwerengera kuti ndimve ngati sanandibere mawu.

Ana anga alipo anayi. Philip, woyamba, ndi namwino kuchipatala ku Makwasa. Anthu amamutcha dokotala, ine sindiwaletsa. Hazel ndi mphunzitsi wamkulu pa pulayimale ku Goliati, akalowa m'kalasi ngakhale aphunzitsi aamuna amaimirira. Justice ali ndi shopu ku Khonjeni, amakonza mafoni ndi mawailesi, palibe amene anamuphunzitsa. Triza, wotsiriza, amayendetsa ndege. Ndati alembe kawiri, akana, akuti bolopeni ndi yawo.

Ine ndinagwira ntchito pa esiteti zaka 31. Zaka zisanu ndi ziwiri mwa zimenezo ndinali wa mbendera. Masiku amenewo ndege yothira feteleza ikabwera, ife tinkaima m'tiyi kumapeto kwa mzere, mbendera yoyera m'mwamba, kuti woyendetsa aone pothira. Ikadutsa, mapazi khumi ndi asanu kumbali, kwezaninso. Feteleza ankatigwera m'mutu ngati matalala, n'kumalowa m'kolala. Nkhope ya woyendetsayo sindinaionepo n'kamodzi komwe.

Lero sikisi koloko m'mawa ndege yachikasu yadutsa pamwamba pa nyumba yanga, ndipo nkhope ya woyendetsa ndikuidziwa kuyambira tsiku limene inabadwa. Kampani yake yamutuma kudzathira feteleza pa esiteti yathu masabata atatu. Akadali pa miyezi yoyesedwa. Akagwira bwino kuno, ndiye kuti ntchito yakhazikika. Akugona kunyumba ya alendo ya esiteti, akuti kuno azibwera pa Sabata pokha.

Ndalengeza pa kabokosi. Mudzi wonse wamva.

Lachiwiri, 4 Novembala

Amake Philip akuti ndifotokoze za kabokosi, poti ndikadzakalamba ndidzaiwala. Ndawauza kuti ndinakalamba kale, koma lembani.

Anakapanga ndi Justice chaka chatha. Kukula kwake ngati buledi. Kali ndi batire ya galimoto, sola padenga, ndi waya wokwera pa mtengo wa bulugamu umene tinazika kuseri kwa khitchini. Ukalankhula pa mayikolofoni, aliyense wa wailesi kapena foni m'midzi yozungulira amakumva. Anakasiya kuno chifukwa nyumba yathu ili pamtunda, moyang'anana ndi bwalo la ndege la esiteti. Ntchito yake ndi ya madzulo, sikisi koloko, mphindi khumi basi: maliro, tsiku lopimitsa tiyi, za kutchalitchi, mbuzi yosowa. Chilolezo cha boma kalibe. Justice anati tisamakambe kwa anthu a m'maofesi, ndi Triza yemwe, poti uja ndi wa malamulo.

Koma kuyambira dzulo ndikuyatsa m'mawa. Ndikangomva injini ikulira kumunsi ndimathamangira kuchipinda, ndimatsegula zenera, ndimayatsa. Ndimati amene muli m'munda tukulani maso, ameneyo ndi Triza wa kwa Mukhova, yemwe uja munkamutuma kuchigayo. Ndimanena m'Chichewa, ndimabwereza m'Chilomwe kuti akuluakulu amve bwino. Ndimawerenga maulendo. Akapita kukatera kuti akatenge feteleza wina ndimawauza, akanyamuka ndimawauzanso. Sindizimitsa mpaka injini itasiya.

A Teleza, oyandikana nawo, amene amaphikira antchito a pa bwalo la ndege, akuti akapitawo adandaula kuti othyola tiyi dzulo athyola makilo ochepa, maso ali kumwamba. Ndati akapitawo akadandaule kwa Mulungu, ndi amene anandipatsa mwana.

Triza sakudziwa. Sakonda kutamidwa pagulu. Tsiku limene anakhoza mayeso a Folomu 4 anabisala m'nthochi mpaka alendo onse atapita.

Maulendo lero: khumi ndi awiri.

Lachitatu, 5 Novembala

Tsiku langa la kuchipatala ku Makwasa, za BP. Tanyamuka faifi koloko pa kabaza. Philip akuti ndichepetse mchere ndi kudzitama. Ndege ndinangoimva patali tili pamzere. Kabokosi lero kagona, anthu akhala opanda wowauza. Tsiku lotayika.

Lachinayi, 6 Novembala

Lembani zonse, ngakhale zondichititsa manyazi.

M'mawa ndinabwezera za dzulo. Ndinalankhula kuyambira ulendo woyamba osapuma, ndinaikaponso nyimbo ya kwaya pakati. Pa ulendo wachisanu ndi chinayi ndinaona ndege ikutsika bwinobwino kukatera. Matayala atatsala pang'ono kugunda udzu, injini inabangula, ndege n'kukwera mopendekeka, n'kudutsa pamwamba penipeni pa mabulugamu a kumapeto kwa bwalo. Ine ndinauza anthu kuti taonani luso, akukusonyezani kuti ndege imamumvera. Ndinaseka pa mayikolofoni. Inazungulira kanayi, kenako inatera, ndipo sinanyamukenso.

Masana a Teleza anabwera asanafike ndi kwawo komwe. Anakhala pakhonde osavula nsapato. Akuti bwalo lija lili ndi kamtunda pakati, ukamatera kuchokera kuno suona za kuseri. Thalakitala yokoka matumba a feteleza inazima kuseri kwa kamtundako, pakati penipeni, anthu anayi akuikankha. A Hector, amene amayang'anira ntchito yonse ya pa bwalopo, anakuwa pa wailesi katatu kuti asatere. Triza anabwerabe. Anaona thalakitala atafika kale pansi. Matayala anadutsa pamwamba pa mitu ya anthu aja, mpata wake nsungwi imodzi. Mmodzi anagwa m'matumba, wina mpaka madzulo ano sakulankhula. Wovulala palibe.

A Hector akuti anaponya chipewa pansi. Triza anatsika n'kunena kuti sanamve kanthu, m'makutu munali phokoso lokhalokha.

Foni yake sakuyankha. Madzulo ndalengeza maliro a ku Khonjeni okha, n'kuzimitsa.

Lachisanu, 7 Novembala

Teni koloko ndege inauluka kamodzi, yopanda feteleza. Ndinaimva. Sindinayatse kabokosi, mtima unalibe mawu. Ndinangokhala pampando.

Triza wayimba foni masana, amake anaika poti tonse timve. Kwabwera mmisiri wa mawailesi a ndege kuchokera ku Blantyre, mayi wina dzina lake a Lestina. Atsegula wailesi ya m'ndege, ayeza waya aliyense, sanapeze vuto. Ulendo wa teni koloko uja anakwera limodzi kuti akamve okha phokosolo. Wailesi inali mbee, mawu a a Hector kumveka ngati ali pampando wa pambali.

Ndiye a Hector akulemba lipoti loti Triza anamva koma sanamvere, ndipo akunamizira wailesi. Triza akuti anawauza za phokoso kuyambira Lolemba, iwo anamuyankha kuti mwina sanazolowere ntchito ya kumapiri. Amuimitsa kuuluka. Lachitatu likubwerali akuluakulu a kampani agamula. Vuto la wailesi likapanda kupezeka, abweretsa woyendetsa wina, iye azinyamula chikwama. Ndipo lipoti lotere, akuti, limakutsata kulikonse, palibe kampani ina ingamupatse ndege.

Mawu ake anali owongoka, sanalire. Amake ndi amene analira, n'chifukwa chake zilembo za lero zapendekeka.

Mwana wanga sanama. Ali wamng'ono anaswa botolo la mafuta a nyale, anabwera yekha kudzanena ine ndisanaone.

Sabata, 8 Novembala

Triza anabwera kutchalitchi, anakhala kumbuyo. Potuluka anthu anamuzungulira, iye anangopereka moni maso ali pansi. Tinadya kuno, anadya pang'ono.

Ndinamufunsa kuti phokosolo limamveka bwanji. Anati ngati mvula yamphamvu pa malata, nthawi zina ngati wina akukukazingira chimanga m'khutu. Limayamba atangonyamuka. Akapita kutali, kuminda ya kumalire, limachepa. Akamakhota kuti atere, pamwamba pa mtunda wathu uno, ndiye limatseka zonse. Lolemba linalipo, Lachiwiri linalipo, Lachitatu kunalibe, mpaka anaganiza kuti latha lokha. Lachinayi linabwera moposa kale. Lachisanu, tsiku loti limuchitire umboni, linathawa.

Ndinamuuza kuti ngati wailesi yawo ikuvuta, ine mbendera ndikuidziwa. Ndikhoza kukaima pa kamtunda kaja ndi nsalu yofiira, kukakhala choopsa ndikweza. Anaseka, koyamba tsiku lonse.

"Ababa, miyendo yanu imeneyo? Muzidzafika pa kamtunda ine nditatera kale."

Kenako anasiya kuseka. Anati iye anachoka kuno ndi chikwama chimodzi, waphunzira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zonsezo zikuthera kwawo, pamaso pa anthu amene anamuona akukula. Anati bola zikanachitikira kutali.

Potuluka anaima kuseri kwa khitchini n'kufunsa za waya wa pa bulugamu. Amake anati ndi za Justice. Anagwedeza mutu, maganizo ali kwina. Kabokosi kanali kuchipinda, tinakafunditsa chitenje. Anakwera kabaza folo koloko.

Lamulungu, 9 Novembala

Lero lembani pang'onopang'ono.

M'mawa amake Philip anakhala pamkeka kuti andiwerengere za sabata yonse monga mwa pangano. Ine ndinali kusenda nandolo. Atafika pa Lachitatu, pamene ndinati kabokosi kagona, dzanja langa linaima. Ndinati bwerezani. Anabwereza. Ndinati pitani pa Lachisanu. Anawerenga kuti sindinayatse. Ndinati pitani pa zimene ananena Triza dzulo.

Ndinatenga nandolo zisanu, n'kuziika pamzere pansi, Lolemba mpaka Lachisanu. Tsiku limene ndinalankhula ndinaika kamwala pamwamba pake. Tsiku limene Triza anamva phokoso ndinaika kamwala pansi pake. Miyala inayang'anana, itatu kumwamba, itatu pansi. Nandolo ziwiri zinatsala zokha.

Amake anayang'ana miyala ija. Anati, "Ndiye mvula ya pa malata ija ndi inu."

Ndinayimbira Justice. Poyamba anati sizingatheke, wailesi za ndege ndi zina, zathu ndi zina. Ndinamuuza za miyala. Kenako anati akubwera. Anafika masana pa njinga yamoto, anatsegula kabokosi, anakhala pansi. Wandifotokozera motere: mawailesi athuwa ndi a ndege ali ngati minda iwiri yogundana malire, pamene wathu wathera wawo ndi pamene wayambira. M'kabokosi munali kachipangizo koletsa mawu kulumpha malire. Kanapsa mu Ogasiti. Iye anangolumikiza ndi waya, n'kuwonjezeranso mphamvu kuti tizimveka mpaka ku Khonjeni. Madzulo ndege siziuluka kuno, ndiye palibe anadziwa. Za m'mawa sindinamuuze.

Anati, "Ababa, zimitsani basi. Ndichotsa waya lero lomwe, mtengo tiwaza nkhuni. Palibe adzadziwe, ndipo phokoso silidzabweranso."

Ndinati ndi zoona, silidzabweranso. Wailesi ya ndege idzakhala bwino mawa, mkuja, mpaka kalekale. Ndiye aliyense adzati a Hector analemba zoona, Triza ananama. Phokosoli likangosowa mwakachetechete, umboni wake wasowa nalo.

Anati nanga iye? A boma akamva adzamutsekera shopu, mwinanso kumumanga. Ali ndi ana atatu. Anati nthawi zonse m'nyumba muno ndi Triza, Triza. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa si abodza onse. Ndinamuuza kuti kabokosi anapanga ndi iye, ndipo ndimanyadira mutu wake mpaka lero, koma woyatsa m'mawa ndi ine. Ndikanena choncho kulikonse kumene angatiitane. Waya asakhudze.

Wapita osatsanzika. Kabokosi wakasiya.

Nandolo zija zikadali pansi, ndaletsa kusesa.

Lolemba, 10 Novembala

Ndinavala jekete limene anandipatsa a esiteti popuma ntchito. Amake anavala chitenje cha kutchalitchi, kope m'manja. Tinatsika wapansi, njira ya m'tiyi, pafupifupi ola lathunthu chifukwa cha maondo anga. Othyola tiyi ankandifunsa kuti bwanji wailesi yatseka, ndinangokweza dzanja.

Ofesi ya a Hector ndi kontena ya chitsulo pambali pa bwalo. Ndi bambo wa zaka ngati za Philip, wochokera ku Lilongwe, waulemu koma wotanganidwa. Atamva dzina langa anatipatsa mipando, n'kunena kuti akumvetsa ululu wa kholo, koma nkhaniyi ndi ya ofesi, kupepesa sikungasinthe kanthu.

Ndinati, "Bwana, sindinabwere kudzapepesera mwana. Ndabwera kudzadzinenera mlandu."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mtengo wa bulugamu. Anamvetsera akusewera ndi bolopeni. Ndinaona kuti akuganiza kuti ndi nkhalamba yofuna kusenza mlandu wa mwana wake. Ndiye ndinati amake awerenge. Anawerenga tsiku ndi tsiku, osalumpha, ndi pamene ndinaseka pa mayikolofoni pomwe. Ali pa Lachitatu a Hector anasiya bolopeni. Anakoka buku lawo lolembamo maulendo a ndege, n'kumatsata ndi chala. Anafunsa kuti Lachinayi ndinayatsa nthawi yanji. Ndinati injini itangolira. Anafunsa za Lachisanu kawiri.

Anatuluka panja n'kuyang'ana kumtunda. Mtengo wathu umaoneka bwinobwino kuchokera pamenepo, ine sindinkadziwa. Anayimbira a Lestina kuti abwerenso mawa. Anati sakulonjeza kanthu, kope si umboni, ayese kaye aone ndi maso.

Kenako anaitanitsa Triza. Anabwera atavala zovala wamba, anadabwa kutiona. A Hector anati ndinene ndekha. Ndinanena. Anaima chilili, manja kumbuyo, akuyang'ana jekete langa, osati nkhope. Nditamaliza anati:

"Ababa, anthu anayi."

Anagwira amake paphewa n'kutuluka.

Pokwera mtunda tinapuma kasanu. Amake sanandinyoze, anangonditengera jekete.

Lachiwiri, 11 Novembala

A Lestina anafika kuno seveni koloko pa galimoto ya esiteti, ali ndi kawailesi ka m'manja kolankhulira ndi ndege. Mayi wamfupi, wolankhula mwachangu. Tikuwalonjera tinamva njinga yamoto. Justice. Sanandipatse moni, anapita kwa mayiwo n'kunena kuti wopanga ndi iye, afunse iye.

Anagwirizana motere: Triza auluke yopanda katundu, azizungulira pamwamba pa mtunda wathu. A Hector azimuitana kuchokera pa bwalo osalekeza. Ife kuno tiziyatsa ndi kuzimitsa pamene a Lestina anena, iwo azilemba nthawi. Triza ndi a Hector asadziwe kuti tayatsa liti.

Ndege itakwera, kabokosi kali kozima, ndinamva mawu a mwana wanga pa kawailesi kaja. Chingerezi, mawu ochepa, odekha ngati munthu woti wakhala pakhonde. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu za ntchito yake, koma mawu ake a pa ntchito ndinali ndisanawamvepo. Ndinagwira chitseko.

A Lestina anati yatsani, muzilankhula monga mwa masiku onse. Ndinayatsa. Kawailesi kawo kanayamba kukazinga chimanga nthawi yomweyo. Monga mwa masiku onse sindikanatha. Ndinati: anthu a kuno, ndine Mukhova. Phokoso limene linatseka makutu a Triza Lachinayi linachokera m'nyumba muno, pakamwa panga. Mwana uja sananame. Amene munkakankha thalakitala, ndibwera kwanu mmodzimmodzi. Tsiku lopimitsa tiyi ndi Lachinayi, pa shedi ya kumunsi. Kabokosi kano lero n'komaliza.

A Lestina anati zimitsani. Mawu a Triza anatulukira pomwepo, akufunsa a Hector ngati anamuitana. Tinachita katatu. Katatu konse chimodzimodzi. A Hector anayimba foni, a Lestina anawerenga nthawi zawo, iwo anawerenga zawo, zinagwirizana mpaka pa mphindi.

Kabokosi akatenga a Lestina. Asanakanyamule anakatsegula, n'kufunsa Justice kuti anaphunzira kuti. Anati sanaphunzire. A Lestina anapukusa mutu, anati munthu wopanga chinthu chotere ndi zidutswa za mawailesi akufa akufunika sukulu, osati ndende, ndipo adzanena choncho akafunsidwa. Lembani mawu amenewo bwinobwino.

Waya anatsitsa Justice yekha. Pochoka anati tsalani ababa.

Zonse zimene ndinkanena za mwana wanga masiku atatu aja, iye ankamva mvula pa malata.

Lachitatu, 12 Novembala

A Hector alemba lipoti lina. Akuluakulu agamula: Triza auluka mawa. A Teleza akuti bwanayo anapepesa kwa Triza pamaso pa antchito onse, chipewa chili m'manja.

Justice amuitana ku ofesi ya boma ku Blantyre sabata yamawa. Ndipita naye. Jekete lisachapidwe, lingopachikidwa.

Triza sanayimbe.

Lachinayi, 13 Novembala

Maulendo khumi ndi asanu ndi limodzi. Ndinawerenga chamumtima, nditaima pabwalo. Injini italira koyamba miyendo inanyamuka yokha kulowera kuchipinda, ndinakafika pakhomo n'kubwerera.

Masana ndayendera awiri mwa anthu a thalakitala aja. Woyamba anandilandira bwino, anati ana ake ankakonda wailesi yanga. Wachiwiri, uja anasiya kulankhula, anandisiya chiimire panja kwa nthawi, kenako anatulutsa mpando. Awiri atsala.

Lachisanu, 14 Novembala

Triza wabwera folo koloko, Sabata lisanalowe, atavala yunifolomu, malaya oyera a mizere paphewa. Aka n'koyamba kuti alowe nayo m'mudzi muno. Ana a sukulu anamutsata mpaka pa mpanda. Ine ndinali pakhonde. Anagwada n'kupereka moni monga mwa masiku onse, kenako anakhala pa sitepe, nsana kwa ine, tonse tikuyang'ana kumunsi ku bwalo.

Anati a Hector amuuza kuti akamaliza masabata atatuwa asayina zoti ntchito yakhazikika. Anawonjezera kuti m'lipoti latsopano alembamo kuti woyendetsa wina akanagunda thalakitala ija. Ndinati ndamva. Ndinafuna kunena zambiri, ndinadziluma lilime.

Anati anakwiya masiku atatu, ndipo sikunathe konse. Akatseka maso amaonabe mitu inayi ija. Ndinati ndi ine ndemwe. Anati akudziwanso kuti ndikanangozimitsa, iye sakanadziwa mpaka imfa. Amake anali kukhitchini, koma mbale sizinkamveka.

Kenako anatembenuka.

"Kodi ababa, munkanena chiyani? Mudzi wonse unamva, ine ndekha ndi amene sindinamve."

Ine amene ndinkalankhula maola atatu osamwa madzi, ndinayang'ana pansi. Kulankhula pa mayikolofoni n'kosavuta, munthu sakuyang'ana. Ndinamuuza kuti ndi zambiri, ndipo si za iye yekha, zina ndi za Philip, za Hazel, ndi za Justice zimene sindinanenepo pena paliponse. Ndidzanena kamodzi, onse anayi atakhala pamaso panga, ndi pakamwa pokha. Anati bola pasadzakhale alendo ambiri, poti nthochi zobisalamo zija zinadulidwa. Ndinati ndiyesetsa.

Amake ayimbira onse asanayatse nyale. Philip wasinthana ndi mnzake tsiku la ntchito. Hazel sukulu idzakhala itatsekera. Justice anati adzabweretsa mipando, koma masipika asiya ku shopu.

Lembani ndi zilembo zazikulu, poti cholengezera ndilibe. Ana a Mukhova, akazi awo, amuna awo ndi zidzukulu zonse tikumana kuno kumtunda Lamulungu, pa 28 Disembala, teni koloko m'mawa.